Kandege Kopanda Injini: Ngozi Ili Pafupi ndi Nthaka

Aliyense amene adaŵetapo ng'ombe kapena mbuzi m'madambo a kuno ku Mchinji akudziŵa zimene kabaŵi amachita dzuŵa likakwera. Amatambasula mapiko ake, nayamba kuzungulira pamwamba pa mudzi, osakupiza ngakhale kamodzi, koma n'kumakwerabe mpaka kuoneka ngati kadontho. Nkhuku zimachenjeza anapiye, ife anthu timangoti, "Wabweranso wakuba uja." Ndi oŵerengeka amene amadzifunsa kuti kodi mbalame yosakupiza mapiko ikukwera ndi mphamvu yanji. Mwezi uno ndafuna kuti ticheze za kanthu kena kouluka monga kabaŵi, ndiko kandege kopanda injini koongoleredwa ndi wailesi, makamaka za nthaŵi ziŵiri zimene kamasautsa mwini wake: ponyamuka ndi potera.

M'mwezi wa Ogasiti mphwanga wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg adabwera kudzationa atanyamula bokosi lalitali. Ife tinkayesa kuti muli zovala za ana, koma m'menemo mudatuluka kandege kopepuka ngati chikho, kopangidwa ndi zinthu zoyera zija amatchinjirizira wailesi yatsopano m'bokosi kuti isasweke. Atalumikiza mapiko ake, kuchokera ku nsonga ina kufika ku inzake adali mamita 2. Injini padalibe. Mng'ono wake, mnyamata wa Fomu 2, adaumirira kuti akhale woyamba kukaponya, ndipo tonse tidapita ku bwalo la mpira, ana a m'mudzi ali pambuyo pathu.

Mnyamatayo adathamanga pang'ono, nakaponya cha kumwamba ndi mphamvu zake zonse, monga momwe amagendera mango. Kandege kadakwera mphuno ili m'mwamba, kadaima m'malere ngati kakuganiza, kenaka kadaŵerama n'kudzazika mphuno pansi kuti phwa! Mphuno idaphwanyika, phiko limodzi lidathyoka. Ana adaseka, koma atate ake a mnyamatayo sadaseke. Adangoti, "Ndalama zagona apazi zikadagula feteleza," natembenuka kumapita. Madzulo amenewo mnyamata uja sadadye nsima, ndipo adalumbira kuti sadzakakhudzanso kanthuko.

Mkulu wake ndiye adamkhazika pakhonde namuuza kuti, "Iwe, moyo wa kandege aka ndi liŵiro. Pamene unakalozetsa kumwamba unakalanda liŵirolo, ndiye kanakomoka." Mau ameneŵa ndiwo maziko a luso lonseli, ndipo ndi bwino kuti tiŵamvetse tisanapite patsogolo.

CHIMENE CHIMANYAMULA PHIKO

Phiko la ndege, ngakhalenso la mbalame, limanyamulidwa ndi mpweya umene ukulidutsa. Limapendekeka pang'ono, kutsogolo kuli chokwera, motero limakankhira mpweya pansi, ndipo mpweyawo umalikankhira m'mwamba. Amene adakwerapo pamwamba pa lole natambasula chikhatho mumphepo akudziŵa kuti akachipendeketsa pang'ono, dzanja limafuna kukwera lokha, ndiponso kuti loleyo ikachepetsa liŵiro mphamvu ija imazilala. Akatswiri adapeza kuti liŵiro likachepa ndi theka, mphamvu yonyamula phiko imatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Adapezanso kuti phiko likapendekeka mopitirira muyeso, cha m'ma madigiri 15, mpweya umaleka kutsata msana wake, umayamba kuvunduka, ndipo phikolo limaleka kunyamula. Uku ndiye kukomoka kumene ankanena mphwanga uja.

Tsono ndege ya injini ili ndi choikokera kutsogolo. Yopanda injini imapeza liŵiro potsika basi, monga njinga pamtsetse. Nthaŵi zonse imakhala ikutsetsereka mumpweya, ndipo kandege kabwino kamayenda mamita 10 kapena kuposerapo pa mita imodzi iliyonse imene katsika. Woulutsa amaima pansi atagwira kabokosi ka wailesi kokhala ndi timitengo tiŵiri. Akasuntha kamtengo, uthenga umafika ku kandege, ndipo timakina ting'onoting'ono timapinda tizigamba ta kumchira, kena kokhotetsa kumanja kapena kumanzere, kena kokweza kapena kutsitsa mphuno. Kuno kwathu pali choonjezera: Boma la Mchinji lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kuyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanjayo. Kukatentha umapepukanso kuposa apo. Motero kandege kamafuna liŵiro lokulirapo kuno kuti kasakomoke.

Vuto limeneli si la tindege toseŵeretsa tokha ai. Otto Lilienthal, Mjeremani amene adayamba kuuluka ndi mapiko opanda injini m'chaka cha 1891, adauluka maulendo pafupifupi 2,000 podumpha kuchokera pa zitunda. Pa 9 Ogasiti 1896 mapiko ake adakomoka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 15, adagwa nathyoka khosi, ndipo adamwalira m'maŵa mwake. Kandege kakakomoka kali kutali m'mwamba, kamagwa pang'ono, kamapezanso liŵiro, n'kutsitsimuka. Kakakomoka pafupi ndi nthaka, mpata umenewo palibe. N'chifukwa chake ngozi imagona ponyamuka ndi potera.

KAPONYEDWE KAKE

Kutacha, mphwanga adamata mphuno ija ndi guluu, nalimbitsa phiko ndi kansungwi kosendedwa bwino. Mng'ono wake, amene adali atalumbira uja, adabwera yekha kudzagwirira. Asanabwerere ku bwalo adachita zinthu zitatu zimene woulutsa aliyense sayenera kuziiŵala. Choyamba, adayesa kulemera kwake. Adaika zala ziŵiri kunsi kwa mapiko, cha pa gawo limodzi mwa magawo 3 kuchokera kutsogolo kwa phiko, kuti aone ngati kandege kakhazikike mphuno itaŵerama pang'ono. Kumatako kudali kutasintha kulemera, choncho adamatirira kandalama kachitsulo kumene kudapepuka. Kandege kolemera kumchira sikamvera mwini wake, kamangokweza mphuno kokha n'kumakomoka. Chachiŵiri, adayesa timitengo tija, kuti kumanja kukhaledi kumanja ndipo kukweza kukhaledi kukweza. Chachitatu, adaonetsetsa kuti batire lili ndi mphamvu yokwanira.

Atafika ku bwalo adathothola udzu wouma nauponya m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikuchokera. Ndege iliyonse imanyamuka moyang'anana ndi mphepo, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Tiyerekeze kuti kandege kakufuna liŵiro la makilomita 25 pa ola kuti kauluke, ndipo mphepo ikuomba kumaso pa makilomita 10. Dzanja lidzangoonjezera 15 otsalawo. Koma mphepo yomweyo ikakhala kumbuyo, dzanja liyenera kupereka 35, ndipo kandege kakagwa kadzagwa ndi liŵiro lonselo.

Kagwiridwe kake n'kotere: gwirani kunsi kwa mapiko, mapikowo akhale olingana, lina lisakwere kuposa linzake, ndipo mphuno iloze pansi pang'ono, ngati mukuloza chulu chimene chili kutsidya kwa bwalo. Yendani mofulumira mapazi atatu, kenaka kankhani molunjika, dzanja lisagwedere. "Usaponye, uperekeze," adatero mkuluyo. Mnyamata adaperekeza. Kandege kadayenda myaa pamwamba pa udzu mamita pafupifupi 30, nakatera bwinobwino, ndipo ana omwe adaseka dzulo lake aja adakuwa ndi chimwemwe. Adabwereza zimenezi kambirimbiri tsiku lonse, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzanja lokha silifikitsa kandege kutali m'mwamba. Njira imene mphwanga adagwiritsa ntchito pa masiku otsatira njofanana ndi legeni. Amakhoma chikhomo pansi, namangirira mphira wautali mamita 30, ndipo ku mphirayo amalumikiza chingwe chopyapyala cha nayiloni cha mamita 100 chokhala ndi kamphete ku nsonga. Kampheteko amakakoloŵeka pa kambedza kamene kali kunsi kwa kandege, amapita nako kumene mphepo ikuloŵera mpaka mphira atatamuka, n'kukataya kakuyang'ana mphepo. Kandege kamakwera chotsetsereka m'mwamba ngati kaiti, ndipo kakafika pamwamba pa chikhomo, kamphete kamavuka kokha. Masekondi atatu oyamba ndiwo oopsa. Phiko limodzi likapendekeka, mphira amakokera kandege cha m'mbali mpaka kukamenyetsa pansi. Mankhwala ake ndi kuongola msanga ndi kachigamba kokhotetsa kaja, ndi kuletsa chala kuti chisakweze mphuno, pakuti mphira akukweza kale. Chenjezo kwa makolo n'lakuti chikhomo chikazuka chimauluka ngati mwala wa legeni. Mwana asaime m'mbali mwa chingwe, ndipo ziŵeto zikhale kutali.

MPHUNZITSI NDI KABAŴI

Kandege kakafika m'mwamba, mphunzitsi wake ndi kabaŵi uja. Dzuŵa likatenthetsa munda wolimidwa, thanthwe kapena lupsa, mpweya wa pamenepo umafunda n'kumakwera ngati utsi wosaoneka. Mbalame ikaloŵa m'menemo imakwezedwa ngakhale kuti iyo ikutsetsereka, chifukwa mpweya ukukwera mofulumira kuposa momwe iyo ikutsikira. Woulutsa akaona kuti phiko limodzi latukuka lokha, amakhotera mbali yomweyo nayamba kuzungulira monga kabaŵi. Kavuluvulu wa m'mwezi wa Okutobala ndi mpweya wokwera womwewo utachita ukali, ndipo akamadutsa pa bwalo, wanzeru amayamba wadikira.

Palinso kaulutsidwe ka paphiri. Mphepo ikagunda phiri imakwera nalo, ndipo woima pa chitunda choyang'ana kumene mphepo ikuchokera angathe kuulutsa kandege nthaŵi yaitali popanda mphira. Koma kuseri kwa phirilo mpweya umagubuduka monga amachitira madzi a m'Bua kuseri kwa mwala, ndipo wophunzira akateretsa kandege kumeneko kadzaphwanyika. Akatswiri okha ndiwo amaseŵera ndi mphepo ya kuseriyo. M'chaka cha 2021 Spencer Lisenby, pa phiri lotchedwa Parker ku California, adathamangitsa kandege kopanda injini pa liŵiro la makilomita 882 pa ola, lofanana ndi la ndege zikuluzikulu zonyamula anthu.

Ife a m'malire tili ndi chinthu china choyenera kukumbukira. Mphepo ya mwera, imene imaomba m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, imachokera kummwera cha kuvuma, ndiye kuti kuno ku Mchinji imakankhira zinthu cha ku Zambia. Mpweya wokwera uja umayenda pamodzi ndi mphepo, ndipo wozungulira m'menemo mosasamala adzazindikira mochedwa kuti kandege kapita kutali kumbuyo kwake, kosathanso kubwerera. Kuchokera pa Boma kufika pa chipata cha Mwami ndi makilomita pafupifupi 12, ndipo midzi yathu yambiri ili pafupi ndi malire kuposa apo. Mphepo sidziŵa malire, koma aboma amaŵadziŵa. Sungani kandege kutsogolo kwanu, kumene mphepo ikuchokera. Musaulutsire pafupi ndi chipata, bwalo la ndege kapena mawaya a magetsi. Pemphani chilolezo kwa amfumu ndi kwa eni bwalo, ndipo funsani malamulo kwa akuluakulu oyang'anira za ndege. Paja safunsa adadya phula.

KATEREDWE KAKE

Ndege ya injini ikaphonya bwalo imakweranso n'kudzayesa kachiŵiri. Yopanda injini ili ndi mwai umodzi wokha, choncho kutera kumakonzedwa kandege kakadali m'mwamba. Kakatsika kufika pa msinkhu wa mtengo wautali wa bulugama, woulutsa amaleka zonse. Amakayendetsa m'mbali mwa bwalo motsata mphepo, amakakhotetsa mofatsa modutsa kumapeto kwa bwalolo, amakakhotetsanso kuti kayang'ane mphepo, ndipo kuyambira pamenepo kamabwera molunjika. Kukhota kwakukulu pafupi ndi nthaka n'koletsedwa, chifukwa nsonga ya phiko ikangokhudza pansi kandege kamagubuduka. Mukaona kuti kakadali pamwamba kwambiri, talikitsani njira kakadali kutali, osati kukagwetsa chamutu pa mphindi yomaliza.

Pa njira yomalizayi pali misampha itatu. Woyamba ngwa maso. Kandege kakamabwera kwa inu, kumanja kwake ndi kumanzere kwanu, ndipo wophunzira akafuna kuongola amaonjezera kupendekeka. Oulutsa akale adapeza njira yapafupi: kandege kakakuyang'anani, kankhirani kamtengo ku mbali ya phiko limene latsika, ngati mukulichirikiza ndi mzati. Wachiŵiri ngwa mphepo. Pafupi ndi nthaka mphepo imafooka chifukwa cha udzu, nyumba ndi mitengo, motero kandege kakatsikira mumphepo yofookayo liŵiro lake mumpweya limachepa mwadzidzidzi. Kumbuyo kwa mzere wa mitengo ya mango mpweya umakhalanso wovunduka. N'chifukwa chake potera pamafunika liŵiro lapadera losungira. Wachitatu, umene uli waukulu koposa, ngwa mantha. Munthu akaona kuti kandege sikafika pa bwalo, chala chimakoka chokha kamtengo kokweza mphuno, poyesa kuti katalikitsa ulendo. Kandege kamakwera pang'ono, liŵiro limatha, kamakomoka. Choyenera ndi kutsitsa mphuno pang'ono, ngakhale mtima ukukana. Mphuno imakwezedwa mofatsa pokhapokha kandege katafika pa msinkhu wa bondo, kuti mimba yake ikhudze udzu monga bakha atera padziŵe.

Patapita sabata, mnyamata uja adakumana ndi msampha wachitatuwu. Mwera adalimba mwadzidzidzi kandege kali pa njira yomaliza, ndipo zidaoneka poyera kuti sikafika. Pakati pa iko ndi bwalo padali mpanda wa nkhadze. Tidaona kandege kakuyamba kukweza mphuno, ndipo mkulu wake adati chapansipansi, "Tsitsa." Mnyamatayo adatsitsa, nakasiya kuti katere m'munda wa mapesi, kutsidya kwa mpanda, pamtunda wa mamita 50 kuchokera pamene tidaima. Atabwera nako kali kamphumphu, atate ake, amene sitidadziŵe kuti adali chiimire patsinde pa mtengo, adafunsa kuti, "Bwanji sunakafikitse pano?" Iye adayankha mwaulemu kuti, "Atate, liŵiro linachepa. Ndikanaumirira kakanathyoka." Atatewo sadanene kanthu. Koma m'maŵa mwake ndiwo adasongola chikhomo chachitsulo cholimba, nati chamtengo chija chidzavulaza ana.

MAU KWA MAKOLO

Funso la feteleza lija n'loona, ndipo sindikuuza kholo lililonse kuti lisiye munda ndi kugula kandege. Koma luso limeneli siliyambira pa wailesi. Kandege koponya ndi dzanja kangathe kupangidwa ndi katoni, nsungwi, mapesi ndi zoyera za m'mabokosi zija, ndipo kamamvera malamulo omwewo a kulemera, mphepo ndi liŵiro. Ana athu amene amapanga magalimoto a mawaya ali nao kale manja ake. Atsikana naonso asatsalire, pakuti mphepo sisankha dzanja.

Ndipo luso lotere lili ndi kumene likupita. M'mwezi wa Juni 2017 boma la Malaŵi ndi bungwe la UNICEF adatsegula ku Kasungu, kwa anansi athu, dera loyeseramo tindege topanda munthu m'kati, timene ambiri amati ma drone, lofika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko. Mu Novembala chaka chomwecho, ophunzira a ku Malaŵi konkuno, mothandizidwa ndi akatswiri a ku Virginia Tech, adapanga tindege ta mapiko totchedwa EcoSoar ndi zipangizo zopepuka ndi zotsika mtengo. Kamodzi mwa timeneti, kokhala ndi injini yamagetsi, kadauluka kokha makilomita 19 kuchokera pa chipatala chaching'ono cha Gogode kufika pa bwalo la ndege la Kasungu, katanyamula kaphukusi koyesera. Cholinga chidali kuona ngati magazi okayezedwa angathe kumayenda motero m'malo modikira galimoto. Mu Januwale 2020 sukulu yophunzitsa luso limeneli, African Drone and Data Academy, idatsegulidwa ku Lilongwe. Kandege ka injini nako kamakomoka liŵiro likachepa, ndipo mwana amene adaphunzira kutsitsa mphuno pa bwalo la mpira sadzakhala mlendo pa ntchito yotere.

Tikumbukenso abusa ena a ku America, Bishopu Milton Wright, amene m'chaka cha 1878 adabweretsera ana ao, Wilbur ndi Orville, kachoseŵeretsa kouluka kopangidwa ndi pepala, nsungwi ndi mphira. Anawo adaseŵera nako mpaka kadathyoka, kenaka adapanga kao. Atakula adayesa ndege zopanda injini ku Kitty Hawk kuyambira 1900 mpaka 1902, akugwa ndi kumata, ndipo pa 17 Disembala 1903 ndege yao ya injini idauluka masekondi 12, mtunda wa mamita 37. M'mera mpoyamba.

Tsono inu makolo, mwana akathyola chinthu poyesa luso, mufunseni kaye kuti chathyoka bwanji, ndipo mumpatse guluu asanagone ndi njala ya manyazi. Inu achinyamata, yang'anani mphepo musanaponye, sankhani potera mukadali m'mwamba, ndipo musachite manyazi kuyenda mamita 50 kukatola kandege kamphumphu. Mphwanga adabwerera ku Johannesburg, koma kandege adakasiya m'manja mwa mng'ono wake. Tsopano kali ndi zigamba zinai, ndipo kakuulukabe. Tidzachezanso mwezi wa maŵa.